Mzere uchoke, penti atsale

Bwalo la ndege la Mfuwe, m'boma la Mambwe, ndi limodzi mwa mabwalo anayi olandira ndege zakunja amene kampani ya Zambia Airports Corporation imayang'anira, ngakhale kuti ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi a ku Lusaka, Ndola ndi Livingstone. Ndege ya Proflight yochokera ku Lusaka ikatsala pang'ono kutera, panja pamandanda magalimoto odzatenga alendo opita kunkhalango ya South Luangwa, imene chipata chake chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25. Ambiri ndi ma Land Cruiser, ena otseka, ena okhala ndi mipando yokwezeka kumbuyo yoonerapo nyama. Mitundu yake ndi yofatsa, yoyera, yobiriwira kapena yakhaki. Yabuluu ndi yakuda siioneka kawirikawiri, poti kashembe wa m'chigwa cha Luangwa amathamangira mitundu imeneyo. Koma pafupifupi galimoto iliyonse ili ndi chinachake chomata m'mbali mwake: dzina la loji, chithunzi cha njovu kapena nyalugwe pachitseko, ndi mizere yopyapyala yoyambira kunyali yakutsogolo kukathera kumbuyo. Mizere ina inamatidwa kufakitale komweko, chifukwa ma Land Cruiser 70, amene Toyota inayamba kupanga mu 1984, ambiri ankatuluka atavala kale mizere yawo.

Tsiku limafika lakuti zonsezi zichoke. Loji yagulitsa galimoto ndipo mwini watsopano sakufuna kuyenda ndi dzina la eni ake. Wina wagula paokushoni Hilux ya bungwe lothandiza anthu, chitseko chili ndi chizindikiro cha bungwelo. Wina waitanitsa basi ku Japan, yalowera pa Dar es Salaam ndi Nakonde, yafika ili ndi zilembo zachijapani mbali zonse. Apo ayi mzerewo wangokalamba, wayamba kung'aluka. Ntchitoyi imachuluka mvula ikayamba mu Novembala, pamene misasa yambiri ya m'tchire imatsekedwa mpaka cha mu Meyi kapena Juni, magalimoto n'kupeza mpata wokonzedwa. Chikwangwani cha ntchito imeneyi simungachione pamsewu wa ku Mfuwe. Amaigwira ndi amakaniko, madalaivala ena odekha, makamaka anthu amene anaphunzira kuwongola ndi kupopera magalimoto. Amene ndinamuyang'anitsitsa ine ndi bambo wina wachikulire amene anaphunzira zopopera ku Chipata, ali ndi mnyamata womuthandiza, akugwira galimoto yoyera pabwalo la nyumba ina kufupi ndi msewu wa kubwalo la ndegeli.

Kuti munthu aone pamene pali luso, ayambe wadziwa chimene chikuchotsedwacho. Mzerewu ndi vinyl, pulasitiki wa mtundu wa PVC, yemweyo wa mapaipi a madzi. Paipi ndi yolimba gwa, choncho kuti PVC apindike amasakanizamo mafuta ofewetsa, njira imene Waldo Semon anatulukira mu 1926 akugwira ntchito kukampani ya matayala ya B.F. Goodrich ku America. Vinyl wa pagalimoto alipo wa mitundu iwiri. Wodula amamupanga pothira pulasitiki wamadzimadzi papepala losalala n'kumuumitsa, ndipo kukhuthala kwake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 20 a milimita. Wotchipa amamupanga pokanya pulasitiki n'kumupsinja pakati pa zitsulo zozungulira mpaka ataphwatalala. Ameneyu ndi wokhuthalako, ndiponso poti anachita kukokedwa, moyo wake wonse amafuna kubwerera mwakale. Akatenthedwa ndi dzuwa amakhwinyata pang'onopang'ono, n'kusiya kamkombero ka guluu m'mphepete, fumbi n'kudzakakamira pamenepo. Mmisiri akangoona kamzere kakuda kozungulira sitika amadziwiratu kuti ndi wotchipa uja, ndipo guluu wake avuta.

Guluu wa kuseri kwa vinyl sauma ngati wa matabwa. Amakhala wonata zaka zonse, ndipo amagwira chifukwa anapsinjidwa n'kulowerera m'timaenje ta penti tosaoneka ndi maso. Amene anatcherapo mbalame ndi ulimbo amaudziwa khalidwe lake: m'mawa kukuzizira umakhala wokakata, dzuwa likakwera umafewa n'kuyamba kutamuka, likanyanya umangoyenderera. Guluu uyunso ndi chimodzimodzi. Akazizira, mzere umathyoka m'manja. Akatentha kwambiri amagawikana pakati, theka n'kupita ndi vinyl, theka n'kutsala papenti. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa, cha m'madigiri 50 mpaka 60, pamene guluu amalola kusiya penti n'kutsatira vinyl yense. Ntchito yonse ya mmisiri ndi kupeza kampata kameneka ndi kukhalamo, kuyambira kunyali mpaka kumbuyo.

Pansi pa guluuyo pali penti, amenenso ndi wopyapyala modabwitsa. Pachitsulo amayamba kupoperapo primer woteteza ku dzimbiri, kenako penti wa mtundu, pamwamba n'kubwera clear coat, penti woonekera mkati amene amanyezimiritsa galimoto ndi kutchinga dzuwa. Zonsezi pamodzi zimangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo clear coat payekha sakhuthala n'komwe ngati tsitsi limodzi la munthu. Mmenemo ndi mmene zala za mmisiri zimayenda. Kulakwitsa pang'ono, galimoto ipita kokapopera.

N'chifukwa chake bambo uja sanathamangire kugwira mzere. Anayamba ndi ndowa ya madzi a sopo, kutsuka mbali yonse, makamaka m'mphepete mwa mzerewo ndi m'mipata ya zitseko. Fumbi la m'chigwa muno lili ndi mchenga wosalala kwambiri, ndipo kanjere kamodzi kakalowa pakati pa nsanza ndi penti kamasiya chipsera chachitali. Atapukuta, anayendetsa chikhadabo modutsa mzere kuti amve ngati uli ndi m'mphepete mokwera. Mizere ina ndi ya penti weniweni, yojambula ndi burashi kapena yopopera, ndipo ina ili pansi pa clear coat. Imeneyo kutentha sikuichotsa, ndipo woikanda amangowononga. Uwu unali wa vinyl. Kenako anayamba kugogoda chitseko ndi nkhonyo ya chala, khutu ali tcheru. Chitsulo chokhachokha chimalira mokweza, koma pamene panaphwanyika n'kumatidwa fila pamalira mogontha. Anasuzumiranso pamalabala a mawindo kufunafuna timadontho ta penti, umboni wakuti chitsekocho chinapoperedwapo kachiwiri. Penti wa kufakitale anawotchedwa m'ng'anjo ndipo amagwira zolimba. Wopopera pabwalo, ngati anaikidwa pamalo osapala bwino, amatha kunyamuka limodzi ndi sitika. Chitseko chakumbuyo chinalira mogontha, ndipo anachiika chizindikiro ndi choko pagalasi kuti adzachigwire pomaliza, mofatsa.

Panalinso kuyesa kwina kumene kunandisangalatsa. Anadonthezera kapolishi pansanza yakuda n'kupukuta pamalo obisika kumunsi kwa chitseko. Nsanzayo inatuluka itatenga penti woyera. Zimenezi zinamuuza kuti galimotoyo ilibe clear coat, penti wake ndi wa gawo limodzi, monga zimakhalira ndi magalimoto ambiri oyera ogwirira ntchito. Pakanakhala clear coat, nsanza sikanatenga mtundu. Mphindi imodzi yokha, wadziwa kale mmene adzapukutire kumapeto.

Tsopano kutentha. Kumayiko ozizira amadalira heat gun, chipangizo chamagetsi chouzira mpweya wotentha. Ku Mfuwe dzuwa limagwira ntchitoyo ulere. Bwalo la ndegeli lili pamalo okwera mamita pafupifupi 560 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere, pamene Chipata ali pamwamba pa mamita 1,000, ndipo kutsika kumeneku n'kumene kumapangitsa kuti mu Okutobala kutentha kuzipitirira madigiri 40. Masana a mwezi umenewo chitsulo cha galimoto sichigwirika, guluu amakhala atasungunuka kale, ndiye si nthawi yomatula. Mmisiri amaimika galimoto mbali imodzi itayang'ana kummawa, n'kumadikira. Amayesa ndi kuseri kwa zala, kumene khungu limamva msanga. Chitsulo chikafunda moti zala zikhoza kukhalapo kanthawi kenako n'kufuna kuchoka, nthawi yakwana. Akamaliza mbali imeneyo amatembenuza galimoto, ina nayo iwothe. Mu Juni ndi Julayi, m'mawa kukamazizira, amathira madzi otentha a m'ketulo pathaulo n'kulifunditsa pamzere, kapena amabwereka choumitsira tsitsi kusaluni. Heat gun akakhala nayo amaisamala kwambiri, chifukwa mpweya wake umatha kupitirira madigiri 500. Amaigwira patali ndithu, kuiyendetsa uku ndi uku osaima, ndipo dzanja linalo limakhala pachitsulo pafupi pomwepo kuti likayamba kupsa adziwe kuti penti nayenso akupsa.

Potukula nsonga amagwiritsa ntchito chikhadabo cha chala chachikulu, chimene bamboyu amachisunga chachitaliko mwadala. Chikakanika amatenga khadi la pulasitiki, lija limatsala munthu akathyolamo SIM ya Airtel kapena MTN, atalisalaza m'mphepete kuti lisakhale ndi mano. Pulasitiki wa khadilo ndi wofewa kuposa penti, ndiye pakalimbana, logonja limakhala khadi. Lezala ndi mpeni sizifika papenti. Mnyamata uja atatulutsa lezala m'thumba, anauzidwa mwachidule kuti akaigwiritse ntchito pagalasi lakumbuyo, atanyowetsa ndi madzi a sopo, osati pachitseko. Anayankha kuti wamva, mdala, n'kupita kumbuyoko. Ine ndimaona kuti magalimoto ambiri amene ali ndi timikwingwirima tolondolozana m'mbali anaonongedwa ndi anthu achangu a lezala, amene amamaliza ntchito ya tsiku lonse m'maola awiri, mwini galimoto n'kuwathokoza poti chipseracho sichioneka mpaka fumbi litadzalowamo.

Nsonga ikatukuka, kukoka kumayamba, ndipo apa mpamene ndinasiya kulemba n'kumangoyang'ana. Amagwira vinyl pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pafupi kwambiri ndi pamene akumatukira. Sakokera kunja molunjika ayi, dzanja limayenda chogona, kufupi ndi chitseko, pang'onopang'ono ndiponso mosadukiza. Akakoka utali wa chikhatho amasiya, n'kukagwiranso pafupi, chifukwa vinyl wofunda amatamuka, ndipo akagwiridwa patali amapyapyala pakati n'kuduka. Liwiro lake amalimva ndi khutu. Guluu akamachoka bwino pamamveka kaphokoso kosalala kopitirira. Pakayamba kumveka kuthetheka, ndiye kuti chitsulo chazizira kapena dzanja lafulumira. Kawirikawiri amatembenuza chidutswa chimene wamatula n'kuyang'ana kuseri kwake. Kukakhala kotuwa ndi konata, guluu akubwera. Kukakhala kosalala, konyezimira, guluu akutsala pagalimoto, ndipo pomwepo amasintha kapendekedwe ka dzanja kapena kudikira kuti pazizireko. Palibe kapendekedwe kamodzi koyenera masitika onse. Amakapeza poyesa masentimita oyambirira, n'kukasunga m'mkono mpaka mzere utatha.

Pampata wa chitseko mzere umakhala utapindidwira mkati, ndiye amatsegula chitseko n'kuyambira kuseri. Pamene mzere wadutsa pansi pa chogwirira amamasula chogwiriracho m'malo modula vinyl ndi mpeni mozungulira. Pachitseko chogontha chija sanatenthetse kwenikweni, anangomatula pang'onopang'ono, chala china chitapsinja penti kutsogolo kwa pomatukira, maso ali pamphepete kuona ngati woyera akunyamuka. Chitseko chimodzicho chinadya nthawi yofanana ndi mbali yonse inayo.

Zonsezi zimatheka ngati vinyl akadali ndi moyo. Koma dzuwa lomwelo limene limathandiza tsiku lomatula limakhala litamudya kwa zaka. Kuwala kwake kumaphwanya pulasitiki, kutentha n'kumatulutsa mafuta ofewetsa aja, mpaka mzere umauma n'kung'aluka timagawo ting'onoting'ono. Paboneti ndi padenga, pamene dzuwa limamenya molunjika, mpamene zimanyanya. Ukatukula nsonga, chimene chimabwera ndi kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo. Munthu akhoza kutha mlungu akutola timeneti.

Pamenepa mpamene amatulutsa gudumu la labala. Ndi chozungulira cha labala wofewa, kukula kwake masentimita pafupifupi 10, chimene amachimanga pa drill, makina oboolera aja. Chikamazungulira chimafunditsa vinyl n'kumukhukhuza nthawi imodzi, ndipo poti labalayo ndi wofewa kuposa penti, chimene chimatha ndi gudumulo. Kampani ya 3M, imene imapanga magudumu otere, imaletsa kupitirira maulendo 4,000 pamphindi, koma bamboyu ankayendetsa pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Amagunditsa m'mphepete mwa gudumu, mopepuka, kukhudza n'kuchotsa, kukhudza n'kuchotsa, akuyenda chammbali. Kulemera kwa drill kokha n'kokwanira, sapsinja. Akaima pamalo amodzi masekondi ochepa, penti amapsa n'kusiya banga lachikasu limene silichoka. Nyenyeswa za labala zimagwera pansi ndi m'mikono, fungo lake lili guu, ndipo pakapita kanthawi amagwira chitsulo ndi kuseri kwa zala kuja. Pabampala ya pulasitiki gudumu salifikitsa, popeza pulasitiki samwaza kutentha ngati chitsulo, amangosungunuka. Magetsi akazima ndipo batire la drill latha, amabwerera kunjira yakale: kunyowetsa nsanza m'palafini, kuiyala pamzere, kuphimba ndi jumbo kuti isaume, n'kudzapala ndi khadi pakapita nthawi. Palafini amalowera m'ming'alu muja n'kukafewetsa guluu kunsi.

Vinyl akachoka, galimoto imasamuka. Anailowetsa pansi pa mtengo wa mango n'kudikira kuti chitsulo chizizire, chifukwa guluu wotsala amachotsedwa pamthunzi. Mankhwala akathiridwa pachitsulo chotentha amauma asanagwire ntchito, nthawi zina n'kusiya banga. Poyamba amakunkhuniza guluu ndi chala chachikulu, kukankhira mbali imodzi mpaka ataundana timibulu. Wina amamutola ndi chidutswa cha vinyl wochotsedwa uja, kudinda n'kutukula msanga, guluu n'kukoka mnzake. Wotsalayo ndiye wa palafini. Amadonthezera pansanza, osati pagalimoto, n'kuigoneka pamalopo mphindi zingapo asanapukute. Nsanza amaipinda kanayi, ndipo kupukuta kulikonse amatembenuza mbali yoyera, apo ayi angamangosuntha guluu kuchoka apa kupita apo. Sazunguza dzanja, amakokera mbali imodzi. Mafuta ophikira nawonso amafewetsa guluu, kungoti amachedwa. Zimene safuna kuziona pafupi ndi thinazi, mafuta a mabuleki ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Zitatuzi zimachotsadi guluu msanga, koma zimadyanso penti. Akamaliza amatsukanso ndi sopo kuti palafini asatsalire, makamaka pamalabala.

Apa mwini galimoto amaganiza kuti ntchito yatha, koma akasendera amaona kuti mzere ukadalipo. Vinyl wachoka, guluu wachoka, koma chithunzi chake chatsala. Penti amene anali pansi pa mzere sanaonepo dzuwa chichokere kufakitale, ndiye ndi wowala ndi wosalala, pamene woyandikana naye wasuluka, watuwa, pena akuchita kutuluka ufa ukamukhudza. Ngati mzere unakhala zaka zambiri, chikhadabo chimamva kachitunda, chifukwa penti wa pambali wakhala akuperepeseka ndi dzuwa, minga ya m'tchire ndi kutsuka, pamene wophimbidwayo ali momwe analili.

Chimene ndinachita nacho chidwi n'chakuti mmisiri salimbana ndi chithunzicho. Amalimbana ndi penti wa pambali. Amatenga rubbing compound, phala lokhala ndi timchenga tosalala kwambiri, n'kupukuta chitseko chonse kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, kusenda kagawo kakufa ka pamwamba kuti penti wamoyo wa pansi aonekere n'kufanana ndi wa pamzere. Amagwira kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, kupita ndi kubwera, kenako chopingasa. Pagalimoto yopanda clear coat ngati iyi nsanza imayera msanga, ndipo zotsatira zake zimaoneka pompo. Pamene pali clear coat dzanja limapepuka, chifukwa akamuboola sabwereranso. M'makona ndi m'mizere yopindika ya chitseko, mmene penti amakhala wopyapyala chipangidwire, amangodutsamo kamodzi. Akapukuta amanjuta kumapeto kwa galimoto, tsaya pafupi ndi chitsulo, n'kuyang'ana chammbali dzuwa litapendeka, poti kuwala kwa madzulo kumaulula zimene kwa masana kumabisa. Akaona pamene pakusiyana amabwererapo. Koma amadziwanso posiyira. Kupukuta kulikonse kumachotsa penti, ndipo chithunzi chozilala n'chabwino kuposa primer woonekera. Pambuyo pa compound amapaka polishi wosalaza, kenako wax woteteza.

Timapepala tonyezimira usiku, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, timene malamulo a pamsewu ku Zambia amafuna, amatisiya pokhapokha titatha ntchito. Akamatichotsa savutika n'kukoka, chifukwa tambiri tili ndi timikanda tagalasi mkati ndipo timangofumbutuka. Amatifunditsa n'kutipala ndi khadi, tatsopano n'kumatidwa tsiku lomwelo kuti galimoto isakaimitsidwe parodibuloko popita ku Chipata.

Ntchito imeneyi malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi nthawi imene imadya, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: wolipira amayang'ana chitseko n'kuona kuti palibe chilichonse. Womata sitika amasiya chinthu choti aloze, womatula sasiya kanthu. Pagalimoto ija, mbali yakumanja inafanana yonse. Kumanzere, kumene zikuoneka kuti kunkawombedwa dzuwa kwambiri pamalo amene inkaimikidwa, chithunzi cha mzere chinakana kutheratu. Bamboyu anauza mwini galimoto kuti njira zilipo ziwiri, kupopera mbali yonseyo kapena kukadulitsa mzere watsopano kwa osindikiza masitika ku Chipata, wotambalala pang'ono kuposa wakale kuti uphimbe malire onse awiri. Mwiniyo anasankha mzere. Choncho mbali imeneyo sanaipake wax, poti guluu sagwira pamalo oterera. Anangopukutapo ndi sipiriti, n'kuyeza chithunzicho ndi tepi, m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba manambala pakatoni kuti dalaivala wa basi ya m'mawa apite nawo.